Mmene Mungazindikirire Kadziwotche Wamng'ono wa M'madera Otentha ndi Kumupezera Banja Lake

Kadziwotche wamng'ono akatera pakhoma pafupi ndi nyale usiku, ambirife timangomuona ngati kachidutswa ka tsamba louma, ndipo amene wafuna kudziwa dzina lake amathamangira kumujambula n'kuyamba kufananiza chithunzicho ndi zithunzi za pa intaneti. Njira imeneyi nthawi zina imathandiza, koma yasocheretsa anthu ambiri, chifukwa m'madera otentha muli akadziwotche amitundu yochuluka zedi ndipo yambiri imafanana mawanga ngakhale kuti si ya banja limodzi. Chimene ndikukulimbikitsani n'chakuti muziyamba ndi kapangidwe ka thupi, kapangidweko kakulozereni banja, ndipo mawanga a pamapiko muziwayang'ana pomalizira. Kuti zimveke bwino nditenga kadziwotche mmodzi wodziwika, wotchedwa Maruca vitrata, amene mbozi zake zimaboola maluwa ndi zitheba za khobwe, nandolo ndi nyemba m'madera otentha a ku Africa, ku Asia, ku America ndiponso pazilumba za m'nyanja ya Pacific. Mukadziwa kumufufuza ameneyu, njira yomweyo idzakuthandizani pa anzake ambirimbiri.

Kumugwira popanda kumuwononga

Zipangizo zofunika si zambiri. Mukhale ndi nsalu yoyera, nyale yowala bwino, timabotolo toonekera mkati tokhala ndi chivindikiro, rula yosonyeza mamilimita, pensulo, kabuku kolembamo, ndi galasi lokulitsa zinthu kakhumi. Galasi limeneli ndi lofunika kuposa kamera, pakuti zizindikiro zimene zimasiyanitsa mabanja a akadziwotche n'zazing'ono moti maso paokha sangazione.

Pachikani nsaluyo pamalo opanda mphepo, nyale ikhale patsogolo pake. Usiku wabwino ndi wofunda, wachinyezi, wopanda mwezi, chifukwa mwezi ukawala akadziwotche obwera kunyale amachepa. Nyale zotulutsa kuwala kwa ultraviolet, kumene maso a munthu sakuona, zimakopa ambiri kuposa nyale wamba, koma musamaziyang'anitsitse, zimapweteka maso. Masana mungawapezenso pogwedeza masamba a mbewu zimene mbozi zawo zimadya: kadziwotche amavumbuluka, n'kuuluka pang'ono chabe, kenako n'kukabisala kunsi kwa tsamba lina.

Musamugwire ndi zala. Fumbi limene limatsala pachala mukakhudza phiko si fumbi ayi, ndi timamba ting'onoting'ono tosanjikizana ngati matailosi a padenga, ndipo mawanga onse amene mukufuna kuona ali pa timamba timeneti. Ndinaphunzira zimenezi mowawa tsiku lina nditapana kadziwotche wokongola pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala: pomwe ndinkamuika m'botolo n'kuti phiko limodzi litayera mbee, ndipo chizindikiro chimene chikanandiuza mtundu wake chinali chitatsala pakhungu langa. Vindikirani botolo pamwamba pake ali chitere pansalu, lowetsani kapepala kolimba pansi, kenako tsekani. M'botolo lililonse muikemo mmodzi yekha, chifukwa akakhala awiri amapupuma n'kukhulana mapiko. Mukaika botololo m'firiji kwa mphindi 10 kapena 15, osati m'chigawo choumitsa madzi, amazizidwa n'kukhala phee kwa kanthawi kokwanira kumuona ndi kumujambula, ndipo akafundidwa amauluka bwinobwino.

Musanamusokoneze n'komwe, onani mmene wakhalira. Kakhalidwe ka kadziwotche akamapuma ndi umboni umene umatayika akangofa, ndipo anthu ambiri amaiwala kuulemba. Ena amakulunga mapiko mozungulira thupi n'kuoneka ngati kachitsotso, ena amawaika ngati denga la nyumba, ena amawayala n'kuoneka ngati chinthu cha makona atatu, pomwe ena amawatambasula kotheratu moti mapiko akumbuyo amaonekera. Maruca vitrata ali m'gulu lomalizali. Amatambasula mapiko, amaimirira pa miyendo yake italiitali thupi litakwera pang'ono, tinyanga take titagona cham'mbuyo pamsana, ndipo nthawi zambiri nsonga ya mimba imapindikira m'mwamba.

Kuyeza ndi kujambula

Mabuku amatchula kukula kwa kadziwotche poyeza kuchokera pansonga ya phiko lakutsogolo lakumanja kukafika pansonga ya lakumanzere, mapiko atatambasulidwa. Maruca vitrata amakhala pafupifupi mamilimita 25, ndipo ena amacheperako, makamaka ngati mbozi sinadye mokwanira. Kwa wamoyo amene wapinda mapiko, yezani phiko limodzi lakutsogolo kuchokera patsinde kukafika pansonga, ndipo mulembe kuti mwayeza motero kuti wina asadzasokoneze miyeso iwiriyi. Pojambula ikani rula pambali pake. Tengani chithunzi chakumsana, cham'mbali chosonyeza mutu, ndi chakumimba kudzera m'galasi la botolo. Chithunzi cham'mbali ndi chimene anthu amachinyalanyaza, chonsecho ndi chimene katswiri amayamba kufunsa.

Kutsimikiza kuti ndi kadziwotche

Akadziwotche ndi agulugufe onse ali m'gulu limodzi lalikulu la tizilombo lotchedwa Lepidoptera, dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza mamba ndi phiko. Mitundu imene yalembedwa kale m'gululi ndi pafupifupi 160,000, ndipo agulugufe ndi kagawo kakang'ono chabe, yotsalayo ndi akadziwotche. Gulugufe ali ndi tinyanga tokhala ndi kachibonga kunsonga, pamene tinyanga ta kadziwotche timakhala ngati ulusi kapena ngati nthenga. Palinso tizilombo tina ta gulu la Trichoptera timene timabwera kunyale pafupi ndi mitsinje n'kumaoneka ngati akadziwotche aang'ono, koma mapiko ake ali ndi tiubweya m'malo mwa mamba ndipo tilibe kachitamba kopombana pakamwa. Zimenezi sizichedwetsa, kungoyang'ana kamodzi ndi galasi mwadziwa.

Kupeza banja

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikupemphani kuti mudekhe. Tembenuzani botolo kuti muone mutu cham'mbali ndiponso chakunsi, kuwala kukuchokera kumbali. Pakati pa maso awiri aakulu, chakunsi, mudzaona kachitamba koyamwira timadzi ta m'maluwa katapombana ngati sipuling'i ya wotchi. Yang'anitsitsani patsinde pa kachitambako, pamene kakuchokera kumutu. Mwa akadziwotche ambiri kamakhala kosalala ndi konyezimira kuyambira patsinde mpaka kunsonga, koma mwa ena patsindepo pamakhala potakutidwa ndi timamba, ngati kuti kavala kamalaya kafupikitsa. Mukaona timamba timeneti mwachepetsa kwambiri mabanja oti muwaganizire, chifukwa pakati pa akadziwotche aang'ono amene mungakumane nawo kawirikawiri, chizindikirochi chimapezeka makamaka m'magulu awiri, la Pyraloidea ndi la Gelechioidea. Maruca vitrata ali nacho.

Kumbali zonse ziwiri za kachitambako kuli tizala tiwiri taubweya timene akatswiri amatitcha palpi. Mwa a Gelechioidea ambiri timakhala titalitali, tosongoka, topindikira m'mwamba ngati chikwakwa mpaka kupitirira pamutu, ndipo mapiko awo amakhala opyapyala okhala ndi mphonje zazitali m'mphepete. Kadziwotche amene mbozi zake zimakumba masamba a tomato, wodziwika ndi dzina lakuti Tuta absoluta, ndiponso Sitotroga cerealella wa m'mbewu zosungidwa, ndi a gulu limeneli. Mwa a Pyraloidea tizalati timaloza kutsogolo ngati mlomo wa mbalame kapena timakwera pang'ono kutsogolo kwa nkhope, mapiko akumbuyo amakhala aakulu ndithu, ndipo miyendo imakhala yaitali yokhala ndi minga ziwiriziwiri.

Chizindikiro chachiwiri ndi makutu. Akadziwotche ambiri ali ndi ziwalo zomvera zimene zimawathandiza kumva kulira kwa mileme imene imawasaka usiku, kulira kumene khutu la munthu silingakumve. Kumene ziwalozi zili n'kofunika kwambiri posiyanitsa mabanja. Mwa a Pyraloidea zili kunsi kwa mimba, patsinde penipeni pamene mimba yalumikizana ndi chifuwa, ndipo zimaoneka ngati timing'oma tiwiri tokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Mwa a mabanja a Noctuidae ndi Erebidae zili pachifuwa, chakumapeto kwake. A banja la Geometridae nawonso ali nazo pamimba, ndipo amakondanso kutambasula mapiko akamapuma, moti munthu wongoyamba kumene angathe kunena kuti Maruca ndi wa banja limenelo. Chomwe chimawasiyanitsa ndi kachitamba kaja, pakuti ka a Geometridae kalibe mamba patsinde. Choncho mukapeza zinthu ziwirizi pamodzi, kachitamba kamamba ndi makutu a pamimba, dziwani kuti muli ndi wa Pyraloidea. Makutuwa savuta kwenikweni kuona pa kadziwotche wakufa mukanyamula miyendo yakumbuyo ndi singano, koma pa wamoyo amabisika ndi mamba, ndiye musakhumudwe mukalephera kuwaona ulendo woyamba.

Gulu la Pyraloidea lili ndi mabanja awiri, la Pyralidae ndi la Crambidae. Kale onse ankaikidwa m'banja limodzi la Pyralidae, ndipo n'chifukwa chake mabuku akale a zaulimi amalemba Maruca pansi pa dzina limenelo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900 akatswiri anawagawa pawiri atafufuza kapangidwe ka makutu aja: a Crambidae ali ndi kachiwalo kolendewera pakati pa timing'oma tiwirito, kotchedwa praecinctorium, pamene a Pyralidae alibe. Popanda maikulosikopu simungakaone bwino kachiwaloka, komabe kakhalidwe kamathandiza. A Pyralidae ambiri amene mungawapeze m'minda ndi m'nkhokwe ndi otuwa, oonda, ndipo amakulunga mapiko pathupi, pamene amene amatambasula mapiko opyapyala, onyezimira, okhala ndi mizere ndi malo oonekera mkati, nthawi zambiri ndi a Crambidae, a nthambi yotchedwa Spilomelinae. Banja la Crambidae lili ndi mitundu yoposa 10,000, ndipo nthambi ya Spilomelinae payokha ili ndi yoposa 4,000, yambiri mwa iyo ili m'madera otentha. Chiwerengero chimenechi n'chokwanira kutichenjeza kuti kufanana kwa zithunzi ziwiri si umboni.

Pali mabanja ena awiri amene mungawachotse msanga pongoona kakhalidwe. A Tortricidae akapinda mapiko amaoneka ngati belu, mapewa ali otambalala, ndipo kachitamba kawo n'kosalala. A Pterophoridae amatambasula mapiko opyapyala ngati timitengo n'kuoneka ngati chilembo T.

Ngati mukufuna kudziwa kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi, yang'anani kunsi kwa mapiko, patsinde pa phiko lakumbuyo. Pamenepo pali kaubweya kolimba kamene kamakola phiko lakutsogolo kuti mapiko awiriwo azikupiza limodzi. Mwa akadziwotche ambiri wamwamuna amakhala ndi kamodzi kokhuthala, pamene wamkazi amakhala ndi tiwiri kapena titatu topyapyala.

Tsopano mawanga

Mukafika pa banja, mawanga ayamba kukhala ndi tanthauzo, malinga muwafotokoze mwadongosolo. Phiko lili ndi tsinde, nsonga, ndi mphepete zitatu: ya kutsogolo, ya kunja imene ili ndi mphonje, ndi ya kumbuyo imene imayang'ana kuthupi. Chizindikiro chilichonse muzinena kumene chayambira, kumene chathera, ndiponso ngati chakhudza mphepete kapena chalekezera panjira. Mawu akuti ndi wabulauni wa madontho oyera sathandiza aliyense, chifukwa akadziwotche otero alipo mazanamazana.

Phiko lakutsogolo la Maruca vitrata ndi lalitali, lopyapyala, labulauni, ndipo likalandira kuwala limanyezimira pang'ono. Mukadutsa pakati pa phikolo kulowera kunsonga mupeza chizindikiro chachikulu, chimene ndi malo oyera otalika, oyambira pafupi ndi mphepete ya kutsogolo n'kutsika chopingasa koma osafika mphepete ya kumbuyo, ozunguliridwa ndi mzere wakuda. Chakutsinde kuli timalo tina toyera tocheperapo. Chofunika kuchiona n'chakuti kuyera kumeneku si kwa utoto, koma ndi malo oonekera mkati ngati zenera. Kwezani botolo kuti kuwala kudutse m'phiko, ndipo mudzaona kuti pamenepo kuwala kukudutsa pamene mbali zabulaunizo zikutchinga. Dzina lakuti vitrata likugwirizana ndi zimenezi, popeza likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza galasi.

Phiko lakumbuyo ndi losiyana kwambiri ndi lakutsogolo, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumamuzindikiritsa mosavuta. Mbali yaikulu ndi yoyera, yoonekera mkati, yokhala ndi timizere tosaoneka bwino tokhotakhota, ndipo kubulauni kuli chakunsonga ndi m'mphepete ya kunja kokha. Malire a kuyera ndi kubulauniko si owongoka, ndi okumbikakumbika ngati gombe la nyanja pamapu, ndipo kubulauniko n'kotambalala kunsonga n'kumachepa polowera kuthupi. Tinyanga n'tatitali pafupifupi ngati phiko lakutsogolo, ndipo mimba ndi yoonda, yaitali kupitirira mapiko akumbuyo.

Kenako dzifunseni kuti ndani wina amene angaoneke chonchi. Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa wofufuza wosamala ndi wongolota. A nthambi ya Spilomelinae awiri amabwera kunyale limodzi ndi Maruca m'madera ambiri otentha. Woyamba ndi Spoladea recurvalis, amene mbozi zake zimadya masamba a bonongwe ndi a zomera zapachibale chake. Kukula kwake n'kofanana, mamilimita 22 mpaka 24, koma iye ndi wabulauni wakuda pamapiko onse anayi, ndipo mzere woyera umadutsa pakati pa phiko lakumbuyo n'kupitirira paphiko lakutsogolo, moti akakhala pansi amaoneka ngati wamangidwa lamba woyera. Mimba yake ili ndi timizere toyera tozungulira, ndipo akatera amaoneka ngati chinthu cha makona atatu, satambasula kwambiri ngati Maruca. Wachiwiri ndi Diaphania indica, wa pamasamba a nkhaka ndi maungu. Ameneyu mapiko ake onse ndi oyera oonekera mkati, ozunguliridwa ndi mkombero wabulauni wotambalala komanso wowongoka bwino, ndipo kunsonga kwa mimba ali ndi kangayaye kaubweya kamene amakagwedeza akakhala pansi. Mukaika atatuwa pamodzi kusiyana kwawo n'koonekeratu, koma mukaona mmodzi yekha usiku, atakhulika mamba, n'zosavuta kulakwitsa.

Za kukhulika ndinenepo pang'ono. Kadziwotche amene wauluka masiku angapo amataya mamba, mphonje zake zimathothoka, ndipo malo amene anali abulauni amayamba kuonekera mkati. Pa mtundu ngati Maruca, umene chizindikiro chake ndi mazenera a paphiko, zimenezi zingakunamizeni. Zenera lenileni limakhala lofanana kumanja ndi kumanzere ndipo lili ndi malire akuda ooneka bwino, pamene malo okhulika amakhala osalongosoka ndipo safanana mbali ziwirizo.

Umboni wa mbozi

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri, ngakhale imafuna kuleza mtima, ndi kulera mbozi mpaka isanduke kadziwotche, chifukwa pamenepo mumadziwa zinthu zitatu nthawi imodzi: chomera chimene imadya, maonekedwe a mbozi, ndi maonekedwe a wamkulu amene sanataye mamba ngakhale amodzi. Mbozi ya Maruca vitrata mungaipeze poyang'ana maluwa a khobwe kapena a nandolo amene amatidwa pamodzi ndi ulusi wonga wa kangaude, kapena zitheba ziwiri zomatana, pakhomo pa kabowo pali tizitosi tomatirira ku ulusiwo. Mukatsegula mupeza mbozi yoyererako kapena yachikasu pang'ono, ya mutu wabulauni, yokhala ndi madontho akuda awiriawiri pachigawo chilichonse cha msana, ondondozana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ikakhwima imatalika pafupifupi mamilimita 16 mpaka 18, itadutsa misinkhu isanu ndipo imafundula pochoka pamsinkhu uliwonse kupita pa wina.

Ikani mboziyo m'chidebe choonekera mkati, pansi mutayala pepala lofewa, pamwamba mutatseka ndi kansalu kolowa mpweya. Muziipatsa maluwa kapena zitheba zatsopano za chomera chomwecho tsiku lililonse ndi kuchotsa zakale, chifukwa nkhungu ndi imene imapha mbozi zambiri zoleredwa, ndipo chidebecho chisakhale padzuwa. Ikasiya kudya n'kuyamba kuyendayenda, dziwani kuti ikufuna poluka chikwa, ndiye musaisokoneze. Kukakhala kofunda, kadziwotche amatuluka patatha pafupifupi mlungu umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mupatseni maola angapo kuti mapiko atambasuke ndi kuuma musanamujambule. Nthawi zina m'malo mwa kadziwotche mumatuluka kamavu kapena kantchentche kamene kanaikira mazira m'thupi la mbozi. Musakataye, kasungeni ndi kulemba kumene kachokera, pakuti nakonso ndi umboni wamtengo wapatali kwa ofufuza za adani a tizilombo towononga mbewu.

Kumbukirani kuti chomera pachokha sichitchula dzina. M'zitheba zomwezo mungapezenso mbozi ya Etiella zinckenella, wa banja la Pyralidae, amene wamkulu wake ndi wotuwa, wokulunga mapiko, wokhala ndi mzere woyera m'mphepete ya kutsogolo, komanso mbozi yaikulu ya Helicoverpa armigera, wa banja la Noctuidae, imene imadya italowetsa mutu m'chitheba thupi lili panja.

Kulemba dzina molondola

Mwafika pa dzina, ndiye mulilembe mokwanira, kuyambira pagulu lalikulu kutsika pansi. Kadziwotche wathuyu ali mu Animalia monga nyama, mu Arthropoda monga chamoyo cha miyendo ya mfundomfundo ndi chikamba chakunja, mu Insecta monga kachilombo ka miyendo isanu ndi umodzi, mu Lepidoptera, mu Pyraloidea, m'banja la Crambidae, m'nthambi ya Spilomelinae, m'fuko la Maruca, ndipo mtundu wake ndi Maruca vitrata. Dzina la mtundu lili ndi mawu awiri, motsatira njira imene Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa, ndipo mayina a nyama amayambira kuwerengedwa m'chaka cha 1758. Liwu loyamba ndi la fuko ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri limayamba ndi chaching'ono nthawi zonse. Posindikiza mawu awiriwa amapendeketsedwa, ndipo polemba pamanja amadulidwa mzere kunsi.

M'mabuku mudzaona dzinali litalembedwa kuti Maruca vitrata (Fabricius, 1787). Johan Christian Fabricius anali katswiri wa tizilombo wa ku Denmark, wophunzira wa Linnaeus, ndipo ndi amene anayamba kufotokoza mtundu umenewu m'chaka chimenecho. Mikutiramawu imene yazungulira dzina lake si yokongoletsera, imatanthauza kuti iye anauika m'fuko lina, la Phalaena, ndipo unasamutsidwa pambuyo pake. Fuko la Maruca linakhazikitsidwa ndi Francis Walker wa ku England mu 1859. Mudzakumananso ndi dzina lakuti Maruca testulalis, makamaka m'zolemba zakale za ulimi wa khobwe, ndipo musaganize kuti ndi kadziwotche wina. Dzina la testulalis linaperekedwa ndi Geyer mu 1832, ndipo zitadziwika kuti mayina awiriwa ndi a mtundu umodzi, lamulo la katchulidwe ka mayina a nyama linagwira ntchito, lakuti dzina limene linayamba kusindikizidwa moyenera ndi limene limakhala. Pofufuza zimene ena analemba, funani mayina onse awiri, apo ayi muphonya zambiri.

Pamene maso alekezera

Pali mitundu imene simungaisiyanitse ndi mapiko ngakhale mutakhala ndi galasi labwino chotani. Akatswiri amadula mimba ya kadziwotche wouma, amaiviika m'madzi a potassium hydroxide a mphamvu ya magawo 10 pa 100 kuti minofu isungunuke, kenako amayang'ana ziwalo zoberekera pamaikulosikopu, chifukwa ziwalo zimenezi zimasiyana mtundu ndi mtundu ngakhale pamene mawanga afanana. Mankhwala amenewa amawotcha khungu ndi maso, choncho si ntchito yoyamba nokha popanda wokuphunzitsani. Njira ina ndi yofufuza DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'thupi la chamoyo chilichonse), imene Paul Hebert ndi anzake a pa yunivesite ya Guelph ku Canada anaifotokoza mu 2003, yowerenga kachigawo ka jini yotchedwa COI kotalika pafupifupi zilembo 650 za malangizowo, ndipo mwendo umodzi wa kadziwotche umakwanira. Ngakhale pa Maruca vitrata yemweyu, kafukufuku wa DNA wasonyeza kuti a m'zigawo zina za dziko amasiyana ndithu ndi anzawo, moti akatswiri ena amaganiza kuti pansi pa dzina limodzili pangakhale mitundu ingapo yofanana maonekedwe.

N'chifukwa chake ndi bwino kusunga mmodzi kapena awiri ngati mukufuna kuti zimene mwapeza zidzatsimikizidwe, ndipo ena onse muwamasule. Musatole m'malo otetezedwa popanda chilolezo, ndipo musatumize tizilombo kudziko lina musanafunse malamulo ake. Wosungidwayo muikeni m'chigawo cha firiji choumitsa madzi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mukamutulutsa mudikire kuti afewe, kenako mubayeni pakati pa chifuwa ndi kasingano kopyapyala kopangira tizilombo, osati singano yosokera, imene imachita dzimbiri n'kung'amba thupi. Tambasulani mapiko pathabwa lofewa lokhala ndi kangalande pakati, mpaka mphepete za kumbuyo za mapiko akutsogolo zipange mzere umodzi wowongoka wopingasa thupi, muwapanikize ndi timapepala tosalala, ndipo aume kwa mlungu umodzi kapena iwiri pamalo pamene nyerere sizifika. Akauma musungeni m'bokosi lotseka bwino, pouma, chifukwa m'madera achinyezi nkhungu ndi tizilombo todya zouma zimatha kumaliza bokosi lonse m'miyezi yochepa.

Pasingano yomweyo, kunsi kwa kadziwotche, bayanipo kapepala kolembedwa ndi pensulo kapena inki yosasuluka: dziko, dera, malo enieni, tsiku, mwezi ndi chaka cha manambala anayi, njira imene munamugwirira, chomera ngati munachita kulera, ndi dzina lanu. Mwezi muulembe m'mawu kapena m'manambala achiroma, chifukwa mayiko amasiyana kalembedwe ka madeti ndipo 3/4 ena angawerenge kuti ndi Malichi pamene inu mumanena Epulo. Dzina la mtundu likhale pakapepala kena kapadera, limodzi ndi dzina la amene wamuzindikira ndi chaka, kuti wina akadzapeza kuti munalakwitsa adzangowonjezera kapepala kake osakhudza ka malo ndi tsiku. Ndipo lembani mpaka pamene umboni wanu wafika basi. Ngati mwatsimikiza banja lokha, lembani Crambidae. Ngati mwatsimikiza fuko koma mtundu ukukayikitsa, lembani Maruca sp., ndipo ngati akufanana kwambiri ndi vitrata koma ndi wokhulika moti mazenera a paphiko sakuoneka bwino, lembani Maruca cf. vitrata, zimene zimauza wowerenga kuti afananize yekha asanavomereze.